DENGA LATHYATHYATHYA PA SITOLO: YAMBANI MWAFUNSA KUMENE MADZI ADZAPITA

Munthu amene anacoka mu Lusaka zaka makumi awiri zapitazo, atati abwere lero ndi kuyenda m'misewu ya Kanyama, Chawama, Matero, George, Kalingalinga kapena Mtendere, angadabwe poona masitolo atsopano amene aoneka ngati alibe denga. Zipupa zake zimakwera mpaka pamwamba ndi kuthera mu mzere woongoka monga bokosi, ndipo woima pamsewu saona malata kapena mapaso. Limeneli ndilo denga lathyathyathya, limene amisiri a m'tauni amalicha mtenje wa fulati. Alikuliika pa magolosale, pa mabuchala, pa nyumba zogona alendo ndi pa mizere ya timasitolo ta lendi.

Nkhaniyi ikukhudzani inunso a kumidzi pa zifukwa ziwiri. Coyamba, ena mwa masitolo amenewa amamangidwa ndi cuma ca banja lonse: penshoni ya bambo, ng'ombe zimene zinagulitsidwa, ndalama za fodya, thonje, nshawa ndi soya. Caciwiri, cimene cayamba mu Lusaka sicicedwa kutsata msewu wa Great East kufika ku Chongwe, Nyimba, Petauke, Sinda, Katete ndi Chipata, ndipo posacedwa mmisiri wa pamsika wa kwanu adzakuuzani kuti denga la mtundu uwu ndilo lamakono. Musanavomere, gwirani mfundo imodzi iyi: denga lathyathyathya lomangidwa bwino siliri lathyathyathya konse. Liyenera kupendekeka, ngakhale pang'ono posaoneka ndi maso, kuti madzi a mvula apeze njira yotulukira msanga. Denga losunga madzi lidzadontha, ndipo cimene cidzanyowa ndi ufa, shuga, mcere ndi nsalu zimene mwaikamo cuma canu.

KUMENE MAKOMBONI ACOKERA

Lusaka inakhala likulu la dziko lino m'caka ca 1935, koma atsamunda sanakonze nyumba zokwanira anthu amene anabwera kudzagwira nchito. Matero inamangidwa ndi Khonsolo m'zaka za m'ma 1950, ndipo nyumba zake zambiri zinafoleredwa ndi asibesitosi. Mtendere inayamba cakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 monga malo amene anthu anapatsidwa mapuloti kuti adzimangire okha. Koma George, Chawama, Kalingalinga ndi mbali yaikulu ya Kanyama zinakula popanda pulani, pa mafamu akale ndi pafupi ndi malo okumbako miyala. Kumeneko anthu anali kumanga ndi mitengo ndi dothi, kapena ndi njerwa zosaocha, nafolera ndi udzu, migolo yophwanya ndi malata akale otsenderezedwa ndi miyala. Panalibe wofuna kutaya ndalama pa nyumba imene ikanatha kugwetsedwa tsiku liri lonse.

Zinthu zinasintha m'caka ca 1974 pamene kunakhazikitsidwa lamulo lolola kuti makomboni otere avomerezedwe ndi kukonzedwa, ndipo mwini nyumba anayamba kulandira cikalata comulola kukhala pamalo pake zaka 30. Ndi ngongole yocokera ku World Bank, misewu inalambulidwa ndipo mipopi ya madzi inaikidwa mu George, Chawama, Chaisa, Garden ndi Chipata komboni. Kalingalinga inakonzedwa m'zaka za m'ma 1980 ndi thandizo la dziko la Germany. Anthu atatsimikiza kuti sadzathamangitsidwa, anayamba kuumba mabuloko a simenti ndi kugula malata atsopano.

Kalembera wa m'caka ca 2022 anapeza kuti anthu a mumzinda wa Lusaka apitirira 2 miliyoni, ndipo ambiri mwa iwo akhala m'makomboni. Malo a m'mbali mwa msewu ndi ocepa ndiponso okwera mtengo. Motero amene ali ndi puloti yaing'ono amaganiza zokwera m'mwamba, ndipo apa ndi pamene denga lathyathyathya lakopera anthu: lero ndi denga, mawa lingakhale pansi pa nyumba yosanja.

MVULA YATHU SI YA KU CAIRO

Makolo athu pofolera nyumba anali kuimika tsindwi losongoka kuti madzi atsetsereke udzu usanaole. Madenga athyathyathya kwao kwenikweni ndi ku maiko ouma monga Egypt, kumene mumzinda wa Cairo mvula ya caka conse kawirikawiri sifika mamilimita 30. Koma mu Cairo Road ya kuno ku Lusaka imagwa mvula pafupifupi mamilimita 800 pacaka, ndipo yambiri imagwa m'miyezi isanu yokha, kucokera Novembala kufika Marichi, nthawi zina mwaukali kwa ola limodzi kapena awiri.

Masamu ake ndi apafupi. Milimita imodzi ya mvula, ikagwa pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi, ndi lita imodzi ya madzi. Tiyerekeze tsono sitolo ya mamita 10 m'litali ndi mamita 6 m'lifupi. Ikagwa mvula yamphamvu ya mamilimita 50, denga lake limalandira malita 3,000, ndiko kuti migolo 15 ya malita 200, madzulo amodzi okha. Lita imodzi imalemera kilogalamu imodzi, cotero madziwo akalephera kutuluka, denga lasenza matani atatu, cimodzimodzi matumba 60 a cimanga. Pa dzinja lonse denga lomwelo limalandira malita pafupifupi 48,000.

Pambali pa mvula pali dzuwa. M'mwezi wa Okutobala denga limapsa usana ndi kuzizira usiku, ndipo konkire ndi citsulo zimafutukuka ndi kukhwinyata tsiku ndi tsiku. Konkire yotalika mamita 10 ingasunthe mamilimita atatu ngati kutentha kwasintha ndi madigiri 30. Ndi pang'ono ndithu, koma pokwanira kutsegula mng'alu, ndipo akulu anati madzi saiwala khwawa.

MITUNDU IWIRI

Madenga amene aoneka athyathyathya pamsewu ali a mitundu iwiri. Woyamba ndi wa konkire yothiridwa pa zitsulo, imene amisiri amati silabu. Waciwiri ndi wa malata opendekeka pang'ono, obisika kuseri kwa kacipupa kamene kamakwera kupitirira denga. Omanga amangoucha ndi dzina la Cingerezi lakuti hidden roof. Ku Ulaya ndi ku America masitolo akuluakulu amafoleredwanso ndi nsalu zokhuthala za labala kapena pulasitiki zoyalidwa pamwamba pa citsulo, koma zimenezi m'makomboni sizinafale, pakuti zifuna amisiri ndi zida zapadera.

Posankha, dzifunseni mafunso atatu. Kodi mulidi ndi colinga comanga nyumba ina pamwamba, ndipo ndalama zake zidzapezeka liti? Kodi nthaka, maziko ndi zipupa zanu zingasenze kulemera kotani? Nanga ndani adzakwera padenga caka ciri conse kukasesa ndi kukonza? Ngati yankho la funso loyamba ndi lakuti iai, silabu ndi katundu wolemera amene mulikugula popanda cifukwa.

SILABU: KULEMERA KWAKE NDI MAMANGIDWE AKE

Konkire imalemera makilogalamu pafupifupi 2,400 pa bokosi la mita imodzi mbali zonse. Silabu yokhuthala masentimita 15 pa sitolo yathu ija imalemera matani oposa 21, ofanana ndi matumba 430 a cimanga, ndipo imadya matumba a simenti oposa 70, osawerengera zitsulo, mcenga, miyala ndi matabwa. Malata a sitolo yomweyo safika ndi theka la tani. Kusiyana kumeneku ndiko kufotokoza cifukwa cake silabu siikidwa pa zipupa za mabuloko a mainchi anai, kapena pa maziko amene anakumbidwira nyumba ya malata. Imafuna nsanamira ndi mitanda ya konkire yokhala ndi zitsulo m'kati, ndipo silabu ya masentimita 15 siingadumphe mamita 6 popanda mtanda pakati.

Nthaka nayo iri ndi mau ake. Pansi pa Kanyama ndi Chawama pali thanthwe la laimu lokhala ndi mapanga, malo ndi acidikha, ndipo m'dzinja madzi a pansi amakwera kufika pafupi ndi pamwamba. M'caka ca 1978 madzi osefukira anagwetsa nyumba zambiri mu Kanyama, anthu ena nataya miyoyo, ndipo kufikira lero komboni imeneyi imavutika ndi madzi mvula ikaculuka. Pa malo otere, mbali imodzi ya maziko ingakhale pa thanthwe, ina pa dothi lofewa kapena pa dzenje lakale lokwiriridwa ndi zinyalala. Nyumba yopepuka ingapirire zimenezi, koma ya matani 21 pamutu imang'ambika. Cifukwa cace kukula kwa maziko, kuculuka kwa zitsulo ndi kutalikirana kwake ndi nchito ya injiniya wolembetsedwa, osati ya kuyerekeza ndi maso.

Pomanga, mmisiri amayamba wayala matabwa ocirikizidwa ndi mitengo ya bulugamu yoimikidwa pafupipafupi pa nthaka yolimba. Pamwamba pake amaluka zitsulo monga mwa pulani, kawirikawiri za Y10 kapena Y12, nazikweza ndi timiyala ta simenti kuti konkire ilowe pansi pake masentimita awiri kapena awiri ndi theka. Citsulo cogona pa thabwa cimatsala poyera, cimagwidwa ndi dzimbiri, cimatupa ndi kuswa konkire. Pamene silabu igona pa cipupa ca mabuloko, ndi bwino kuyalapo pepala lokhuthala la pulasitiki kuti silabu ikamafutukuka ndi dzuwa isakoke cipupa.

Simenti siisowa m'dziko muno. Fakitale ya ku Chilanga, imene simenti yake inathandiza kumanga damu la Kariba, iri kugwira nchito kuyambira kuciyambi kwa zaka za m'ma 1950, ndipo ya Dangote ku Masaiti inatsegulidwa mu 2015. Pa thumba pamalembedwa 32.5 kapena 42.5, ndipo nambala yaikulu ndiyo yamphamvu. Vuto limakhala pa kasakanizidwe. Muyeso wodziwika wa konkire yosenza katundu m'mwamba ndi matumba awiri a simenti, mawilibala awiri a mcenga woyera ndi mawilibala awiri a miyala yoswa ya mamilimita 20, pokhapo ngati injiniya wanena muyeso wina. Madzi akhale ocepa. Konkire ya madzi ambiri imakondweretsa othira pakuti siivuta kuyala, koma ikauma imakhala ndi timaenje ndipo imamwa mvula. Silabu yonse ithiridwe tsiku limodzi, itsinyidwe bwino ndi makina onjenjemeretsa, pakuti pokumana konkire ya dzulo ndi ya lero ndi pamene madzi amalowera.

Ikatha nchito yothira, pamabwera nchito imene ambiri amainyoza. Konkire siilimba ndi kuuma, imalimba ndi cinyezi. Iyenera kuthiriridwa madzi kapena kuphimbidwa ndi masaka onyowa masiku osacepera 7. Mitengo yocirikiza isacotsedwe asanakwane masiku 14, ndipo omanga osamala amadikira masiku 21. Mphamvu yake yoyembekezeka imafika pa masiku 28. Mwini sitolo wofulumira kucotsa mitengo kuti ayambe malonda pa Khrisimasi amapeza silabu yagwa mimba pakati, ndipo pamimba pamenepo ndi pamene padzakhala dziwe mpaka kalekale.

KUPENDEKEKA NDI KUMATA

Pamwamba pa silabu pamayalidwa simenti ndi mcenga mopendekeka kuloza kumene kuli mipopi yotulutsa madzi. Akatswiri amalangiza kuti popanga pulani denga litsike masentimita awiri ndi theka pa mita iri yonse, kuti ngakhale omanga ataphonya pang'ono, kupendekeka kotsala kusacepere theka la muyeso umenewo. Pa mamita 6, ndiye kuti mbali imodzi ikwere masentimita 15 kuposa inzake. Mwini nyumba angayese yekha: tsanulirani ndowa ya madzi pakati pa denga ndi kuona kumene apita. Akaima, kanani kulipira mpaka pakonzedwe.

Konkire payokha siichinga madzi kwa zaka zambiri, cotero imafuna kumatidwa. Njira yofala mu Lusaka ndi ya mphasa za phula zokhuthala mamilimita anai, zimene amisiri amati torch-on cifukwa amazimata ndi moto wa gasi. Silabu iyenera kuyamba yauma ndithu, apo ai cinyezi cotsekeredwa cimatupitsa mphasa ngati matuza. Amayamba apaka phula lamadzi, kenaka amayala mphasa kuyambira kumunsi kupita kumtunda, iri yonse itakwera pa inzake masentimita 8 mpaka 10. M'mbali mphasa ikwere pa kacipupa masentimita osacepera 15 ndi kulowetsedwa mu mzere wosemedwa, ndipo pangodya paikidwe simenti yozungulira kuti mphasa isathyoke. Madenga ambiri sadontha pakati koma m'mbali ndi pozungulira mipopi.

Phula limaopa dzuwa. Lipakidwe utoto wasiliva, ndipo utotowo ubwerezedwe pakapita zaka ziwiri kapena zitatu; umathandizanso kucepetsa kutentha m'sitolo, pakuti silabu imasunga moto wa usana mpaka usiku. Njira ina ndi ya utoto wokhuthala wopakidwa pa kansalu kopyapyala. Ndi yochipa ndipo iri bwino pokonza ming'alu ndi m'mbali, koma siikhalitsa ngati madzi aimapo. Nchito ikatha, tsekani mipopi, thirani madzi pang'ono padenga, asiyeni tsiku limodzi kapena awiri, ndipo kayang'aneni kunsi. Ndi bwino kupeza podontha mu Seputembala kusiyana ndi mu Januwale. Dziwaninso kuti ngakhale mphasa yomatidwa bwino iri ndi zaka zake. Ikapitirira zaka khumi, yambani kusunga ndalama ya ina.

MALATA OBISIKA

Kwa ambiri a malonda ang'onoang'ono, denga la malata obisika ndilo lotheka, pakuti ndi lopepuka ndiponso losakwera mtengo. Koma si malata onse amene ayenera. Malata akale a mafunde ang'onoang'ono amafuna kupendekeka kosacepera madigiri 10, ndiko kutsika masentimita 18 pa mita imodzi. A IBR, okhala ndi mizere yakuya ya makona, angatsike kufika madigiri 5, kapena masentimita 9 pa mita. Alipo ena omangidwa ndi zopanira zobisika popanda kuboola lata, amene angagone kuposa pamenepo, koma ndi odula. Kuika malata a mafunde pa denga logona kwambiri ndiko kuitana madzi, pakuti mafunde amadzaza ndi kusefukira polumikiza.

Gulani malata otalika kucokera kumtunda kufika kumunsi popanda kulumikiza pakati. Mafakitale a mu Lusaka amadula monga mwa muyeso wa wogula. Funsani kukhuthala kwake. Pa sitolo pafunika a mamilimita 0.4 kapena 0.5, ndipo amene amagula ndi geji akumbukire kuti nambala ikakula lata ndiye lapyapyala: geji 32 ndi lofooka kuposa geji 28. Amangidwe ndi misomali ya sikuluu yokhala ndi labala, pamwamba pa mzere osati m'cigwa moyenda madzi. Mapaso a matabwa akhale onyikidwa m'mankhwala a ciswe. Amene asankha a citsulo, monga amene amaocherera amisiri a m'mbali mwa Alick Nkhata Road ku Kalingalinga, aone kuti apakidwa utoto woletsa dzimbiri asanakwezedwe.

Denga logona limayamwidwa ndi mphepo kuposa losongoka, makamaka m'mbali ndi pangodya. Miyala ndi matayala amene timaona pa nyumba zakale ndi umboni wake. Mapaso amangiriridwe ndi waya wokhuthala kapena lamba wa citsulo wozikidwa mu lamba wa konkire wozungulira pamwamba pa zipupa. Pokumana malata ndi kacipupa paikidwe lata lopinda lolowetsedwa m'cipupa. Kungomatapo matope a simenti kulibe phindu, pakuti lata limasuntha ndipo simenti imasweka caka comweco. Pamutu pa kacipupa pakhale cisoti ca konkire kapena ca lata cotsetserekera m'kati.

A ku Matero ndi kwina amene alikusandutsa nyumba yakale kukhala sitolo acenjere pocotsa asibesitosi. Fumbi lake likapumidwa limadzetsa matenda a m'mapapo, kuphatikizapo khansa, amene amaonekera patapita zaka zambiri. Anyowetsedwe, atsitsidwe athunthu, osawadula kapena kuwaswa.

KHOMO LA MADZI

Cofooka cacikulu ca denga lobisika ndi ngalande ya m'kati, imene imalandira madzi onse kuseri kwa kacipupa. Pa nyumba ya kumudzi, madzi akaculuka amagwera panja. Pa denga lozingidwa ndi kacipupa, ngalande ikatsekeka madzi amagwera m'sitolo. Ndipo m'komboni zotseka sizisowa: mapepala a pulasitiki ouluzidwa ndi kamvulumvulu wa m'cilimwe, masamba a mango, mpira wa ana, ngakhale zisa za mbalame.

Motero ngati malo alola, siyani mbali ya kumbuyo yopanda kacipupa kuti madzi azigwera kunja; kutsogolo kudzaonekabe kwamakono. Ngati simungathe, ngalande ikhale yotakata kuti munthu athe kuisesa, ikhale yopendekeka, ndipo mipopi yotsitsa madzi ikhale iwiri kapena kuposa, ya mamilimita 110, yokhala ndi sefa pakamwa. Pamwamba pang'ono pa mipopiyo boolani kacipupa kuti pakhale potulukira pa ngozi. Mukaona madzi alikutuluka pamenepo, mwadziwa kuti mpopi watsekeka. Malangizo omwewa agwiranso nchito pa silabu.

Madzi akatsika nkhani siinathe. Malita 3,000 othiridwa pa maziko anu adzawafewetsa, ndipo othiridwa pakhomo pa mnansi adzakutengerani ku mlandu. M'makomboni mmene zimbudzi zokumba ndi zitsime zosazama ziri moyandikana, madzi oima amasakaniza zonse. Kolera ya mu 2017 ndi 2018 inakantha kwambiri Kanyama ndi Chipata komboni, ndipo mu Januwale 2024 odwala anaculuka kotero kuti bwalo la National Heroes linasandutsidwa cipatala. Lozetsani madzi anu ku ngalande ya msewu, kapena akololeni m'thanki yoima pansi kuti azigwira nchito yokolopa ndi kucapa.

ZIMENE TIMAKWEZA PADENGA

Pa 29 Febuluwale 2024 Mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti cilala ca caka cimeneco cinali tsoka la dziko lonse. Madzi atacepa ku Kariba magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku, ndipo eni masitolo ambiri anathamangira kugula masola. Denga lathyathyathya limaoneka ngati malo aulere oikapo masola ndi mathanki. Koma thanki ya malita 5,000 ikadzaza imalemera matani asanu pa malo ocepa. Ngati siinali m'pulani, imangireni nsanja yakeyake pansi. Oika masola asaboole mphasa ya phula. Miyendo yake ikhale pa timiyala ta konkire, kapena iboo liri lonse limatidwe ndi amene anamata denga.

Coopsa koposa ndi kuonjezera nyumba pamwamba pa maziko amene sanakonzedwere zimenezo. Mu Epulo 2016, m'dera la Huruma mumzinda wa Nairobi ku Kenya, nyumba yosanja yomangidwa pafupi ndi mtsinje inagwa pa nthawi ya mvula yamphamvu, ndipo anthu pafupifupi 50 anafa. Amene afuna kudzakwera m'mwamba anene zimenezi tsiku loyamba, kuti maziko ndi nsanamira ziwerengedwe kuyambira pansi. Zitsulo zosiyidwa zitaturukira pamwamba kudikira nyumba ya mawa zikutidwe ndi konkire yofooka, apo ai dzimbiri limatsika nazo kulowa m'nsanamira.

CILOLEZO NDI AMISIRI

Lamulo la 1974 lija linalowedwa m'malo ndi Urban and Regional Planning Act ya m'caka ca 2015. Womanga sitolo, kapena wosandutsa nyumba yogona kukhala ya malonda, ayenera kupereka pulani ku Khonsolo ndi kulandira cilolezo asanayambe. Mu Lusaka ofesi zake ziri ku Civic Centre mu Independence Avenue, ndipo kumaboma ndi ku Khonsolo ya kwanuko. Mainjiniya amalembetsedwa ndi Engineering Institution of Zambia, ojambula mapulani ndi Zambia Institute of Architects, ndipo makampani omanga ndi National Council for Construction, imene imawaika m'magiredi kuyambira 1 mpaka 6 monga mwa kukula kwa nchito imene angathe. Kupempha kuona zikalata zimenezi si mwano. Safunsa anadya phula.

Inu amene mutumiza ndalama muli kumudzi, musadalire zithunzi za pafoni zokha. Tumani wacibale wodalirika akaone denga lina limene mmisiriyo anamanga, limene lapyola madzinja atatu, ndipo akayang'ane siling'i ndi ngodya za m'kati ngati ziri ndi mathotho. Pangano lilembedwe papepala pamaso pa mboni, lochula mtundu wa malata kapena wa mphasa, kukhuthala kwake ndi kupendekeka kwa denga. Lipirani pang'onopang'ono monga nchito iyendera, ndipo gwirizanani kuti gawo lotsiriza lidzaperekedwa mvula yoyamba itagwa. Pa tsiku lothira silabu pakhale injiniya kapena womuimira, aone zitsulo zisanakwiririke, cifukwa konkire ikabisa colakwa palibe adzacionanso mpaka tsiku la ngozi.

Pomaliza, denga lotere limafuna mwini wake. Mu Seputembala kapena Okutobala kwerani, sesani, tsegulani mipopi, yang'anani matuza ndi ming'alu. Ikagwa mvula yoyamba kweraninso m'mawa mwake. Madzi amene akadali ciimire patapita masiku awiri ndi cizindikiro cakuti pafunika kukonza. Ngati sitolo iri pa lendi, pangano linene amene adzacita nchito imeneyi, pakuti wa lendi amati ndi ya mwini nyumba, mwini nyumba ali kutali, ndipo mpopi umatsekeka onse alikuyang'anizana.

Mu Kanyama kapena mu Kalingalinga, kumene puloti ndi yopanikiza ndipo mwini ali ndi pulani yeniyeni yokwera m'mwamba, silabu yowerengedwa ndi injiniya iri ndi phindu lake. Koma pa msika wa ku Sinda, ku Nyimba kapena ku Chadiza, kumene malo alipo ndipo womata phula ali kutali, denga la malata lopendekeka bwino, lokhala ndi khonde lochinga zipupa ndi lopatsa ogula mthunzi, likadali lanzeru. Amene akonda maonekedwe a m'tauni angakweze kacipupa kutsogolo kokha ndi kulembapo dzina la sitolo, madzi nawasiyira njira yao kumbuyo.